Kodi ndani angakanize Pulezidenti? Zimene lamulo lalikulu limanena ndi zimene zakhala zikuchitika

Zikanakhala kuti zimene zinalembedwa m'lamulo lalikulu la dziko lino mu 2018 zinatsatidwa, bwenzi anthu a ku Fingoé, Malowera, Chiputo ndi Chipera atadzisankhira okha administrador wa distrito ya Marávia pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Sizinatero. Mu Ogasiti 2023 aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Maputo anachotsa chaka cha 2024 m'lamulolo, ndipo administrador akupitiriza kusankhidwa ndi nduna yoona za kayendetsedwe ka boma. Ndunayo imasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo Pulezidenti yemweyo angathe kuichotsa tsiku lililonse.

Nkhani imeneyi ikusonyeza chifukwa chake mphamvu za mtsogoleri wa dziko si nkhani ya anthu a ku Maputo okha. Pa 5 Malichi 2025, ziwawa zimene zinatsatira chisankho zitaphetsa anthu mazana, Pulezidenti Daniel Chapo ndi atsogoleri a zipani zingapo anasainirana mgwirizano woti pakhale zokambirana za dziko lonse, zimene pa Chipwitikizi zikutchedwa Diálogo Nacional Inclusivo. Mwa mitu imene anagwirizana kuti iunikidwenso muli mphamvu za Pulezidenti, makhoti, kayendetsedwe ka zisankho ndi kugawa mphamvu ku zigawo. Munthu sangayankhepo bwino pa zokambirana zotere ngati sakudziwa zimene zilipo kale.

Mphamvu zimene zili m'manja mwa munthu mmodzi

Lamulo lalikulu la dziko, Constituição da República, limene likugwira ntchito lero linavomerezedwa mu Novembala 2004. Lisanabwere limeneli panali la 1990, limene linatsegula khomo la zipani zambiri, ndi la 1975, la nthawi imene Frelimo inali chipani chokhacho. Malamulo atatu onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: amaika mphamvu zambiri pa mpando wa Pulezidenti.

Pulezidenti wa Mozambique ndi mtsogoleri wa dziko, ndi mkulu wa boma, ndiponso ndi mkulu wa asilikali ndi achitetezo onse. Nduna Yaikulu, Primeiro-Ministro, ilipo, koma ntchito yake ndi kuthandiza ndi kulangiza Pulezidenti, ndipo iye ndi amene amaiika ndi kuichotsa pamodzi ndi nduna zina zonse. Amasankha mkulu wa asilikali, mkulu wa apolisi, bwanamkubwa wa Banco de Moçambique, akazembe, ngakhalenso akuluakulu a mayunivesite a boma. Amasankha Procurador-Geral da República, mkulu wa oimba anthu milandu m'malo mwa boma, ndipo angathe kumuchotsa. Amasankhanso atsogoleri a makhoti atatu aakulu: Tribunal Supremo, Tribunal Administrativo ndi Conselho Constitucional, ngakhale kuti pa atatu amenewa Nyumba ya Malamulo iyenera kuvomereza dzina limene iye wapereka.

Pamwamba pa zonsezi pali mphamvu ina imene sinalembedwe mu Constituição. Kuyambira nthawi ya Samora Machel, mtsogoleri wa dziko amakhalanso mtsogoleri wa chipani cha Frelimo, kupatula miyezi yochepa pamene mmodzi akusiyira mnzake. A Chapo analumbiritsidwa pa 15 Januwale 2025, ndipo mwezi wotsatira anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho. Mfundo imeneyi ndi imene imafotokoza zambiri mwa zimene zikutsatira.

Nyumba ya Malamulo ndi manambala awiri oyenera kuwakumbukira

Papepala, amene ali patsogolo pokaniza Pulezidenti ndi Assembleia da República, Nyumba ya Malamulo ya aphungu 250. Ndiyo imapanga malamulo, imavomereza misonkho ndi ndondomeko ya chuma ya chaka chilichonse, imaika malire a ngongole zimene boma lingatenge, ndipo ingathe kuitana nduna kuti zikayankhe mafunso. Pulezidenti angathe kukana kusaina lamulo n'kulibweza, koma aphungu akalivomerezanso ndi magawo awiri mwa magawo atatu, iye ayenera kulisaina afune asafune. Pulezidenti akapalamula mlandu pogwira ntchito yake amaweruzidwa ndi Tribunal Supremo, koma mlanduwo sungayambe pokhapokha magawo awiri mwa atatu a aphungu atavomereza.

Magawo awiri mwa atatu a aphungu 250 ndi aphungu 167. Limeneli ndi nambala loyamba. Aphungu 167 ndi okwanira kusintha Constituição yeniyeniyo. Koma lamulo limanenanso kuti likasinthidwa, payenera kupita zaka zisanu lisanasinthidwenso, pokhapokha magawo atatu mwa magawo anayi a aphungu atagwirizana kuti asadikire. Amenewo ndi aphungu 188, nambala lachiwiri.

Tsopano manambalawa aikidwe pafupi ndi zotsatira za zisankho. Mu 2009 Frelimo inapeza mipando 191. Mu 2019 inapeza 184. Mu 2024 inapatsidwa 171, Podemos 43, Renamo 28 ndi MDM 8. Pa maulendo atatu onsewa chipani cha Pulezidenti chinadutsa 167 chokha, popanda kupempha voti kwa wina aliyense. Chingwe chimene chinapangidwa kuti chikoke ng'ombe ikalowera m'munda wa eni, chinakhala m'manja mwa mwini ng'ombe.

Pali chinanso chimene anthu a m'malire, amene amamva zambiri za ku Zambia ndi ku Malawi, nthawi zina amasokoneza. Ku Petauke kapena ku Katete anthu amadziwa dzina la phungu wa dera lawo, ndipo akapanda kugwira ntchito amamugwetsa pa chisankho chotsatira. Ku Mozambique kulibe phungu wa Marávia. Munthu amavotera chipani, ndipo chipani ndi chimene chimalemba mndandanda wa mayina a chigawo chonse cha Tete, n'kusankha amene akhale pamwamba ndi amene akhale pansi. Phungu amene akufuna kubwereranso ku Maputo pakatha zaka zisanu amadziwa bwino kuti amene ayenera kumusangalatsa ndi akuluakulu a chipani, osati mlimi wa fodya wa ku Malowera. Ndipo akalowa chipani china amataya mpando wake. Phungu wotere n'kovuta kuti aimirire m'Nyumba n'kunena kuti mtsogoleri wa chipani chake walakwa. Constituição imawonjezeranso kuti aphungu akakana ndondomeko ya boma ya zaka zisanu, Pulezidenti angathe kuthetsa Nyumba ya Malamuloyo n'kuitanitsa chisankho china.

Sikuti lamulo silinagwirepo ntchito. Pa mliri wa Covid-19 Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza estado de emergência, nthawi imene boma limaloledwa kuchepetsa ufulu wina wa anthu, kuyambira pa 1 Epulo 2020. Sukulu zinatsekedwa, misonkhano inaletsedwa, ndipo kuwoloka malire kunavuta kwambiri. Constituição imati nthawi yotere isapitirire masiku 30, ingathe kuwonjezeredwa katatu kokha, ndipo ulendo uliwonse aphungu ayenera kuvomereza. Zinatsatidwa chimodzimodzi mpaka kumapeto kwa Julayi. Pamenepo malire anali atakwana. Patapita masiku ochepa Pulezidenti analengeza estado de emergência yatsopano kuyambira pa 8 Ogasiti, aphungu anavomereza, ndipo mu Seputembala boma linasamukira ku lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi limene lilibe malire a masiku. Akatswiri a malamulo anatsutsana ngati kuchita zimenezi kunali kololedwa. Mpanda unalipo ndithu, koma anaupezera polowera.

Ngongole zobisika

Palibe nkhani imene imaonetsa bwino mtengo wa boma losayang'aniridwa kuposa ya ngongole zobisika, dívidas ocultas. Mu 2013 ndi 2014, pa ulamuliro wa a Armando Guebuza, makampani atatu okhudzana ndi achitetezo a boma anakongola ndalama ku mabanki akunja, Credit Suisse ndi VTB. ProIndicus inatenga madola 622 miliyoni a ku America, Ematum madola 850 miliyoni, ndipo MAM madola 535 miliyoni. Zonse pamodzi zinapitirira madola 2 biliyoni. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Manuel Chang, inasaina kuti makampaniwo akalephera kubweza, boma lidzabweza. Ndalama zimenezi zinaposa kutali malire amene aphungu anaika m'ndondomeko ya chuma, ndipo Nyumba ya Malamulo sinafunsidwe.

Ngongole za ProIndicus ndi MAM zinadziwika mu Epulo 2016. Bungwe la IMF ndi mayiko amene ankathandiza ndondomeko ya chuma ya boma anaimitsa thandizo lawo. Dola imodzi, imene kumayambiriro kwa 2015 inkagulidwa ndi meticais osafika 35, inadutsa meticais 70 mu 2016. Pofika kumapeto kwa chakacho mitengo ya zinthu inali itakwera ndi pafupifupi 25 pa 100 aliwonse. Mlimi amene sanaonepo maboti a Ematum ataima padoko la Maputo analipira nawo ngongoleyo pogula feteleza, sopo, mafuta ophikira ndi malata. Amene amasintha meticais kukhala kwacha kuti akagule katundu ku Zambia anaona okha ndalama yawo ikuchepa m'manja.

Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo komitiyo inapeza kuti lamulo la ndondomeko ya chuma linaphwanyidwa. Komabe Nyumba yomweyo inavomereza mabuku a chuma a boma mmene ngongolezo zinalowetsedwamo. Apa m'pamene panaonekera khomo lina limene anthu ambiri salidziwa. Constituição imalola nzika 2,000 kusaina pempho lopita ku Conselho Constitucional kuti iunike ngati lamulo kapena chigamulo cha boma chikutsutsana ndi lamulo lalikulu. Mabungwe omwe si a boma, kudzera mu Fórum de Monitoria do Orçamento, anasonkhanitsa masiginecha amenewo. Mu Juni 2019 Conselho Constitucional inagamula kuti ngongole ya Ematum ndi chikole chimene boma linapereka n'zopanda mphamvu pamaso pa lamulo. Mu Meyi 2020 inagamula chimodzimodzi pa ProIndicus ndi MAM.

Chimenechi chinali chinthu chachikulu. Khoti limene mtsogoleri wake amasankhidwa ndi Pulezidenti linauza boma kuti linalakwa, ndipo amene anayambitsa nkhaniyo anali anthu wamba okhala ndi cholembera ndi chiphaso. Koma nkhani sinathere pomwepo. Chaka chomwecho cha 2019, miyezi yochepa chigamulo chitaperekedwa, boma linagwirizana ndi okongoza kuti ngongole imene inachokera ku Ematum ikhale ya madola 900 miliyoni, yobwezedwa mpaka 2031, ponena kuti imeneyo inali itasanduka kale ngongole ina. Khoti lingathe kugamula, koma lilibe apolisi akeake, ndiponso silisunga makiyi a thumba la boma.

Mlandu unazengedwa ku ndende ya Machava, m'chihema chachikulu, kuyambira mu Ogasiti 2021, ndipo anthu ankaumvera pa wailesi. Pa 7 Disembala 2022 woweruza Efigénio Baptista anapeza olakwa anthu 11 mwa 19. Armando Ndambi Guebuza, mwana wa Pulezidenti wakale, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 12, chimodzimodzinso akuluakulu awiri a bungwe la akazitape a boma, Gregório Leão ndi António Carlos do Rosário. A Guebuza eniake anaonekera ngati mboni. A Manuel Chang sanazengedwe mlandu kuno: anagwidwa ku South Africa mu Disembala 2018, anatumizidwa ku America mu 2023, ndipo khoti la ku New York linawapeza olakwa mu Ogasiti 2024.

Oweruza asanu ndi awiri

Conselho Constitucional ili ndi oweruza 7. Mmodzi, amene amakhala mtsogoleri, amasankhidwa ndi Pulezidenti. Asanu amasankhidwa ndi Nyumba ya Malamulo potengera kuchuluka kwa mipando ya chipani chilichonse, ndiye kuti chipani chachikulu chimatenga ambiri. Mmodzi amasankhidwa ndi bungwe la oweruza anzake. Amagwira ntchito zaka zisanu, ndipo angathe kusankhidwanso. Mawu akuti "kusankhidwanso" ndi amene amadetsa nkhawa akatswiri ambiri: woweruza amene akuyembekezera kupatsidwa zaka zina zisanu amakhala ndi chifukwa choganizira kawiri asanakhumudwitse amene adzamusankhe.

Khoti lomweli ndi limene limapereka mawu otsiriza pa zisankho, ndipo palibe kwina kokadandaula. Pa chisankho cha makhonsolo cha 2023 linasintha zotsatira za malo angapo n'kupereka Quelimane, Chiúre, Alto Molócuè ndi Vilankulo ku Renamo. Pa 23 Disembala 2024 linatsimikiza kuti a Chapo apambana, koma linatsitsa mavoti awo kuchoka pa 70.67 pa 100 aliwonse, amene bungwe loyendetsa zisankho la CNE linalengeza, kufika pa 65.17. Linatsitsanso mipando ya Frelimo kuchoka pa 195 kufika pa 171. Otsutsa, makamaka otsatira a Venâncio Mondlane, sanakhutire, ndipo oyang'anira zisankho anadandaula kuti khotilo silinaonetse poyera mmene linawerengera. Chimene palibe angatsutse n'chakuti kusiyana kwa 195 ndi 171 si kwamasewera: 195 ili pamwamba pa 188, pamene 171 ili pansi.

Anthu a m'malire amakumbukira zimene zinachitika ku Malawi pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu anathetsa chisankho cha 2019 chimene chinapatsa mpando a Peter Mutharika, n'kulamula kuti chibwerezedwe. Chinabwerezedwa pa 23 Juni 2020 ndipo a Lazarus Chakwera anapambana. Kusiyana kumodzi n'kwakuti kumeneko mlandu unamvedwa poyera kwa miyezi, mboni zikufunsidwa mafunso ndipo mawailesi akuulutsa m'Chichewa. Conselho Constitucional imaweruza kwambiri poyang'ana mapepala, m'masiku owerengeka.

Zilipo nthambi zinanso. Tribunal Administrativo imaunika mmene ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito ndipo chaka chilichonse imalemba zolakwika zimene yapeza. Provedor de Justiça amalandira madandaulo a nzika zimene zalakwiridwa ndi maofesi a boma, koma amangolangiza, salamula. Conselho de Estado, mmene mumakhala atsogoleri akale ndi munthu amene anakhala wachiwiri pa chisankho, imalangiza Pulezidenti, ndipo iye angathe kumva kapena ayi.

Zaka khumi basi

Malire amene agwira ntchito bwino kuposa onse ndi a nthawi. Pulezidenti amalamula zaka zisanu ndipo angathe kusankhidwanso kamodzi kokha motsatizana. A Joaquim Chissano sanaimenso mu 2004. A Guebuza anachoka mu Januwale 2015, ngakhale kuti chipani chawo chinali ndi mipando 191, yokwanira kusintha lamulolo. A Nyusi anachoka mu Januwale 2025, pambuyo pa mphekesera zambiri zoti akufuna ulendo wachitatu. Amene amatsatira ndale za Frelimo amati chimene chimaletsa kwambiri si khoti kapena aphungu otsutsa, koma chipanicho mkati mwake, mmene muli magulu ambiri odikira nthawi yawo.

Kwa anansi, nkhondo imeneyi inamenyedwa poyera. Ku Zambia a Frederick Chiluba anafuna ulendo wachitatu mu 2001, koma mipingo, maloya, mabungwe ndi nduna zawo zomwe anakana mpaka iwo anasiya. Ku Malawi, mu Julayi 2002, bilu yochotsa malire a nthawi kuti a Bakili Muluzi aimenso inagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha. Ku Zambia komweko, mu Okutobala 2020, bilu yosintha malamulo aakulu imene inkadziwika kuti Bill 10 inagwa chifukwa boma la malemu Edgar Lungu silinakwanitse magawo awiri mwa atatu. M'nkhani ziwiri zomalizazi chimene chinagwira ntchito si ubwino wa mtima wa mtsogoleri. Anali masamu: chipani cholamula chinalibe aphungu okwanira.

Kuchokera ku Maputo kufika ku Fingoé

Njira ina yochepetsera mphamvu za munthu mmodzi ndi kuzigawa ku zigawo. Imeneyi ndi imene a Nyusi ndi malemu Afonso Dhlakama anakambirana ku mapiri a Gorongosa pofuna kuthetsa nkhondo imene inabukanso, yomwe mu 2016 inathawitsa anthu zikwizikwi a chigawo cha Tete kupita ku Malawi. A Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018, ndipo mwezi womwewo aphungu anavomereza kusintha Constituição. Kuyambira mu 2019 bwanamkubwa wa chigawo sasankhidwanso ndi Pulezidenti: amakhala munthu amene ali pamwamba pa mndandanda wa chipani chimene chapambana pa chisankho cha Assembleia Provincial. Umu ndi mmene a Domingos Viola anakhalira bwanamkubwa wa Tete.

Koma kusintha komweko kunabweretsa mpando wina watsopano, wa Secretário de Estado wa m'chigawo, amene amasankhidwa ndi Pulezidenti kuti aimire boma la ku Maputo. Chigawo chinakhala ndi akuluakulu awiri, maofesi awiri, magalimoto awiri, ndipo kawirikawiri anthu sadziwa kuti nkhani yawo akaitule kwa ndani. Dzanja limodzi linapereka, linalo linatenganso.

Gawo lachiwiri la mgwirizanowo linali la madistrito. Linati mu 2024 anthu adzasankha nyumba ya malamulo ya distrito ndi administrador. Pamene chakacho chinkayandikira, a Nyusi anayamba kufunsa ngati dziko lili ndi ndalama ndi anthu okwanira kuchita zimenezi m'madistrito 154, ndipo anakhazikitsa komiti imene inayankha kuti nthawi sinakwane. Mfundo ya ndalama si yabodza: madistrito ambiri, kuphatikizapo a kumpoto kwa Tete, satolera misonkho yokwanira kuyendetsa ofesi. Koma mmene zinachitikira ndi phunziro la manambala awiri aja. Frelimo inali ndi aphungu 184. Isanafike Juni 2023, zaka zisanu zinali zisanathe chisinthire lamulolo mu 2018, choncho pankafunika aphungu 188, ndipo inkaperewera anayi. Itadutsa Juni, pankangofunika 167. Mu Ogasiti kusinthako kunadutsa, Renamo ndi MDM akukana. Lamulo tsopano limati zisankho za madistrito zidzachitika zinthu zikadzakhala m'malo, popanda kutchula chaka.

Kwa mlimi, administrador si munthu wakutali. Ndiye amatsogolera misonkhano ya Conselho Consultivo ya distrito, amakhudzidwa pa nkhani za misewu ndi mijigo, ndipo amapereka maganizo ake wina akapempha malo aakulu olima kapena ochitapo malonda. Ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo anthu amakhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, DUAT. Lamulo la nthaka la 1997 limateteza mabanja amene akhala pa malo motsatira mwambo ngakhale alibe pepala, ndipo limati anthu a m'mudzi ayenera kufunsidwa malo asanaperekedwe kwa wina. Limatinso malo opitirira mahekitala 10,000 amavomerezedwa ndi Conselho de Ministros, msonkhano wa nduna umene Pulezidenti amatsogolera. Msonkhano wofunsa anthu ukachitika mwachinyengo, funso limakhala lakuti administrador amaopa ndani: anthu amene akhala pansi pa mtengo, kapena amene anamutumiza.

Achewa ndi Ansenga a m'dera lino sachita kuphunzitsidwa kuti mfumu siweruza yokha. Pabwalo pamakhala nduna, ndipo pa kulowa ufumu amayi a mbumba ali ndi mawu. Ufumu wa Undi, umene likulu lake lakale la Mano linali m'chigawo chino cha Tete usanasamukire ku Zambia, unkayenda kudzera mwa mafumu ang'onoang'ono okhala ndi mphamvu m'madera awo. Lero mafumu amazindikiridwa ndi boma, amapatsidwa yunifolomu ndi kandalama. Ulemu umenewo ndi woyenera, koma mfumu imene imalandira kuchokera ku ofesi ya administrador imalankhula mosamala pamene ofesiyo yalakwa.

Zimene zili patebulo

Pa zokambirana za dziko lonse, zimene komiti yotsogoleredwa ndi a Edson Macuácua inayamba kuzifikitsa ku zigawo mu 2025, maganizo amene akhala akumveka kwa zaka zambiri abweranso. Ena akufuna kuti atsogoleri a makhoti azisankhidwa ndi oweruza anzawo, osati Pulezidenti. Ena akufuna kuti Conselho Constitucional ikhale khoti lenileni, oweruza ake azigwira ntchito ulendo umodzi wautali osasankhidwanso. Ena akuti Nduna Yaikulu ikhale mkulu wa boma woyankha kwa aphungu, monga zilili ku Portugal ndi ku Cabo Verde. Enanso akuti Pulezidenti asamakhale mtsogoleri wa chipani, popeza Constituição imamuletsa kale kugwira ntchito ina iliyonse yomwe si ya boma. Otsutsa maganizo amenewa amayankha kuti dziko lalitali chonchi, lomwe lili ndi nkhondo ku Cabo Delgado kuyambira mu 2017, limafunika mtsogoleri wamphamvu amene angagamule msanga. Yankho limeneli lili ndi nzeru yake pa nkhani za nkhondo, koma silifotokoza chifukwa chake munthu yemweyo ayenera kusankhanso amene adzaweruze mlandu wa ndalama za boma.

Pali zida ziwiri zimene nzika siyenera kudikira kusintha kulikonse kuti izigwiritse ntchito. Lamulo la ufulu wodziwa zinthu, nambala 34 la 2014, limapatsa munthu aliyense ufulu wopempha ofesi ya boma kuti imuonetse mapepala okhudza anthu onse, monga ndondomeko ya chuma ya distrito kapena zimene zinalembedwa pa msonkhano wofunsa anthu za malo, ndipo safunika kufotokoza chifukwa chake akuzifuna. Chida chachiwiri ndi masiginecha 2,000 aja.

Zimene anthu anene pa zokambiranazi sizikhala lamulo mwa izo zokha. Zidzayenera kudutsa m'Nyumba ya Malamulo. Popeza Constituição inasinthidwa komaliza mu Ogasiti 2023, zaka zisanu zidzakwana mu 2028. Isanafike nthawi imeneyo, kuti aphungu ayambe kuisintha padzafunika mavoti 188, ndipo Frelimo ndi aphungu ake 171 idzayenera kupeza ena 17 kuchokera ku Podemos, Renamo kapena MDM. Ikadzadutsa nthawiyo, 167 adzakhala okwanira, ndipo chisankho chachikulu chotsatira chikuyembekezeka mu 2029.